MAU A MUNTHU WA KUMUDZI AFIKE KU KHOTI MONGA ANAWANENERA

DZIKO la Mfumu Shikabeta liri m'boma la Rufunsa, kumpoto kwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, kumene mapiri amatsikira ku mtsinje wa Lunsemfwa ndi ku cigwa ca Luano. Eni ake a dzikoli ndi Asoli, monganso anzao a kwa Mfumu Mpanshya ndi a kwa Mfumu Bunda Bunda. Boma la Rufunsa linapatulidwa ku boma la Chongwe m'masiku a Mtsogoleri Michael Sata, amene analamulira dziko lino kuyambira mu 2011 kufikira mu 2014, ndipo colinga cake cinali cakuti nchito za Boma zisendere pafupi ndi anthu a m'midzi.

Ngakhale ziri conco, munthu wa ku Shikabeta akakhala ndi mlandu woposa mphamvu ya nduna za mfumu, ulendo wake ndi wautali. Kaya abedwa mbuzi, kaya avulazana pa mowa, kaya wina wagwidwa ndi nyama ya m'thengo, ayenera kutsika ndi kukwera mapiri kuti akafike kwa apolisi, ndipo m'nyengo ya dzinja ulendowo ndi wosautsa. Koma pali ulendo wina umene anthu ambiri sauganizira. Umenewu ndi ulendo wa mau ake, kucokera pakamwa pake kufikira m'khutu la woweruza. Pa ulendo umenewu mau amataika, amapindika, ndipo nthawi zina amafika atasanduka mau ena amene mwini wake sangawazindikire.

ULENDO WA MAU

Munthu akafika pa polisi, kaya ndi wodandaula, kaya ndi mboni, kaya ndi woganiziridwa mlandu, wapolisi amatenga pepala ndi colembera nalemba sitetimenti. Cilankhulo ca Boma m'dziko la Zambia ndi Cingelezi, cotero sitetimentiyo imalembedwa m'Cingelezi. Pambali pa Cingelezi, Boma linasankha zilankhulo 7 zogwiritsa nchito m'masukulu ndi pa wailesi, zimene ndi Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cilunda, Cikaonde ndi Ciluvale. Cisoli siciri pa mndandanda umenewu.

Tsono cimene cimacitika ndi ici. Nkhalamba ya ku Shikabeta imaganiza m'Cisoli. Wapolisi, amene mwina kwao ndi ku Mongu kapena ku Kasama, amaifunsa m'Cinyanja ca m'tauni. Nkhalambayo imayankha m'Cinyanja cake cosakaniza ndi Cisoli. Wapolisiyo amasandutsa yankholo m'mutu mwake nalilemba m'Cingelezi, mofupikitsa, pakuti dzanja silithamanga monga lilime. Potsiriza amaiwerengera zimene walemba, nayo imasaina kapena kudinda cala cake pansi pa mau amene singathe kuwerenga. Papita miyezi, pepala lomwelo liwerengedwa m'khoti, ndipo womasulira wa khoti alibwezanso m'Cinyanja. Mau amodzi aoloka mitsinje itatu kapena inai.

Wapolisi angakhale wokhulupirika ndithu, wosafuna kupondereza munthu, koma colakwa cikhoza kulowa. M'Cinyanja mau akuti kubwereka amanena za wopatsa ndiponso za wolandira. Munthu akati anatenga njinga ya mlamu wake, sananene kuti anaba, koma pa pepala kusiyana kwake kukhoza kuzimirira. Akati anam'kankha, sananene kuti anam'menya. Ndiponso munthu woleredwa bwino, akamalankhula ndi wamkulu wobvala yunifomu, amayankha kuti inde bwana pa mau ali onse, kutanthauza kuti ali kumva, osati kuti wabvomera.

Coopsa koposa ndi mau akuti ndalakwa. Pa bwalo la mfumu, munthu amanena mau amenewa kuti mitima izizire ndi kuti cibale cisathe, ngakhale iye adziwa kuti mnzake ndiye anayamba ndeu. Akulu amamva tanthauzo lake, nagamula nkhuku kapena mbuzi, nkhani nkutha. Koma mau omwewo akalembedwa m'Cingelezi pa pepala la polisi amakhala kubvomera mlandu, ndipo akhoza kutsekera munthu m'ndende zaka zambiri, ana ake natsala opanda wowalimira.

MLANDU M'KATI MWA MLANDU

Malamulo a dziko lino sanasiye munthu wopanda citetezo. Ndime 13 ya Malamulo Oyendetsera Dziko imanena kuti womangidwa auzidwe cifukwa cake m'cilankhulo cimene amamva. Ndime 15 imaletsa kuzunza munthu. Ndime 18 imanena kuti woimbidwa mlandu ayesedwe wosalakwa kufikira khoti litam'peza wolakwa, ndi kuti apatsidwe womasulira kwaulere ngati samva cilankhulo ca m'khoti. Mu 1998 dziko la Zambia linalowanso m'pangano la United Nations loletsa kuzunza anthu.

Wapolisi asanalembe mau a munthu woganiziridwa mlandu, ayenera kum'cenjeza kuti sali wokakamizidwa kunena kanthu, ndi kuti zimene anene zidzalembedwa ndipo zikhoza kuperekedwa m'khoti monga umboni. Mwambo umenewu unacokera ku malangizo amene oweruza a ku England anayamba kulemba mu 1912. Makhoti a m'Zambia anakhazikitsa kalekale kuti mau obvomera mlandu salandiridwa pokha-pokha Boma litatsimikiza kuti munthuyo ananena mwa kufuna kwake, wosamenyedwa, wosaopsezedwa ndiponso wosalonjezedwa kanthu.

Cifukwa cake, woimbidwa mlandu akaimirira m'khoti nanena kuti anam'menya kuti asaine, woweruza amaimitsa mlandu weni-weni nayamba mlandu wina waung'ono m'kati mwake, wofufuza m'mene mauwo anatengedwera. Apolisi amalumbira kuti sanam'khudze. Woimbidwa mlandu amalumbira kuti anam'khudza. M'cipinda muja munalibe wina. Woweruza ayenera kusankha pakati pa malumbiro awiri, ndipo pamene ali kusankha masiku amapita, mboni zocokera kutali zimatha ndalama za ulendo, ndipo womangidwa amakhalabe m'ndende kudikira. Bungwe la Human Rights Commission, limene linakhazikitsidwa ndi malamulo a mu 1996, lakhala likudandaula m'malipoti ake za anthu omenyedwa m'manja mwa apolisi. Nawonso apolisi amadandaula kuti akuba ena amanama kuti anamenyedwa pofuna kupulumuka. Madandaulo onse awiri ali ndi mankhwala amodzi: mboni yacitatu imene siiwala ndiponso siikondera.

KACIPANGIZO KOSUNGA MAU

Mboni imeneyi ndi makina ojambulira mau. Makina otere si acilendo. Thomas Edison wa ku America anapanga oyamba mu 1877. Akulu-akulu a m'dziko lino akumbukira Alick Nkhata, amene anayenda ndi Hugh Tracey kujambula nyimbo za m'midzi, nagwiranso nchito pa nyumba ya wailesi ku Lusaka m'masiku a kawailesi kochedwa Saucepan Special, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949. Pambuyo pake kunabwera kaseti, imene kampani ya Philips inatulutsa mu 1963, ndipo mabanja ambiri anatumizirana mau pa kaseti ndi abale ao a ku migodi.

Makina a masiku ano, ochedwa a dijito, alibe tepi yoti idyedwe ndi cinyezi kapena kukulungika m'kati. Ndi kacipangizo kolowa m'thumba la shati, ndipo mau amasungidwa pa kakhadi kocepa kuposa cikhadabo. Kakhadi kamodzi kamasunga mau a maora ambiri-mbiri. Cojambulidwa ciri conse cimakhala ndi tsiku ndi nthawi yake, ndipo cikhoza kukopedwa pa kompyuta popanda kutaya kanthu, kotero kuti woweruza, woimira Boma ndi loya wa woimbidwa mlandu onse amamva cinthu cimodzi. Akatswiri ali nayonso njira yowerengera nambala yapadera ya cojambulidwa ciri conse, imene imasintha munthu akangodulamo kapena kuonjezamo ngakhale liu limodzi. Nambalayo iri ngati cidindo ca pa thumba la cimanga: cikasweka, onse adziwa kuti wina anatsegula.

Ubwino wake kwa munthu wa ku Shikabeta ndi woonekeratu. Cisoli cake cimatsala monga anacilankhulira. Ngati pabuka mkangano pa tanthauzo la liu, khoti likhoza kuitana munthu wodziwa Cisoli kuti amvetsere namasulire bwino. Funso la wapolisi limamveka pamodzi ndi yankho, cotero zidziwika ngati munthu anafotokoza yekha kapena anangoyankha inde bwana pa nkhani imene wina anam'konzera. Kulira, kutopa, mantha ndi kuopseza, zimene pepala silingasunge, makina amasunga.

PHUNZIRO LA KU LONDON NDI KU CHICAGO

Maiko amene anayamba kupatsa apolisi ao makina otere anacita zimenezi atapsa kale. Mu April 1972 munthu wina dzina lake Maxwell Confait anapezeka atafa m'nyumba ku London. Apolisi anagwira anyamata atatu a zaka 18, 15 ndi 14, ndipo wamkulu mwa iwo anali ndi nzeru za kamwana. Atafunsidwa popanda loya kapena kholo, anyamatawo anabvomera milandu, naweruzidwa. Mu 1975 khoti la apilo linafafaniza ciweruzoco litaona kuti nthawi imene munthuyo anafa siinagwirizane ndi zimene anyamatawo anabvomera.

Nkhaniyi inagwedeza dziko la Britain. Boma linakhazikitsa bungwe lofufuza kagwiridwe ka milandu, ndipo mu 1984 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano la apolisi ndi umboni. Pansi pa lamulo limeneli apolisi a ku England ndi Wales anayamba kujambula mau pofunsa anthu oganiziridwa milandu ikulu-ikulu, ndipo pofika 1992 mwambowo unali utafala m'dziko lonselo. Makina ao anali kujambula makaseti awiri nthawi imodzi. Pomaliza, kaseti imodzi inali kumatidwa ndi cidindo pamaso pa wofunsidwayo, nasainapo onse, ndipo inayo inali yogwiritsa nchito. Masiku ano makaseti analowedwa m'malo ndi makina a dijito, koma mwambo wake ndi womwewo: wapolisi amayamba ndi kuchula malo, tsiku, nthawi ndi maina a onse amene ali m'cipindamo.

Ku America, mzinda wa Chicago unachuka ndi mbiri yoipa ya apolisi ena amene anali kuzunza anthu, makamaka akuda, kuti abvomere milandu. Mu 2003 cigawo ca Illinois, m'mene muli mzindawo, cinapanga lamulo lakuti kufunsa munthu woganiziridwa kupha kuzijambulidwa, ndipo lamulolo linayamba kugwira nchito mu 2005. Mmodzi mwa aphungu amene analimbikira lamulolo anali Barack Obama, amene pambuyo pake anakhala Mtsogoleri wa dziko la America. Poyamba apolisi ambiri m'maiko onse awiri anakana, poopa kuti akuba adzatseka pakamwa akaona makina. M'kupita kwa nthawi ambiri anaona kuti makinawo ndi cishango cao comwe, pakuti wapolisi amene anagwira nchito yake moongoka sanganamiziridwenso.

MAKINA PAOKHA SAKWANIRA

Komabe makina sasintha mtima wa munthu. Mu 1989 anyamata asanu a zaka za pakati pa 14 ndi 16 anagwidwa ku New York pa mlandu wogwirira ndi kuvulaza mai wina m'paki ya Central Park. Anai mwa iwo anajambulidwa pa vidiyo akubvomera, ndipo onse asanu anaponyedwa m'ndende. Koma maora ambiri amene apolisi anawapanikiza ndi mafunso vidiyoyo isanayambe sanajambulidwe. Mu 2002 munthu wina anaulula kuti ndiye anacita, umboni wa DNA unam'tsimikiza, ndipo ciweruzo ca anyamata aja cinafafanizidwa, atataya kale unyamata wao m'ndende.

Phunziro lake ndi lakuti makina ayatsidwe funso loyamba lisanafunsidwe, ndipo asazimitsidwe kufikira lotsiriza litayankhidwa. Ngati apuma, wapolisi anene nthawi ndi cifukwa cake. Wojambula asakhale ndi mphamvu yofafaniza cimene wajambula, ndipo cojambulidwa cisungidwe ndi ofisala wina. Kupanda malamulo otere, makina akhoza kusanduka cikwanje m'manja mwa woipa: amenya kunja kwa cipinda, najambula m'kati.

Palinso nkhani ya cinsinsi. Mai amene wapita ku Victim Support Unit kukadandaula za nkhanza za m'banja, kapena mwana amene wacitidwa zoipa, safuna kuti mau ake ayende pa mafoni a anthu pa msika. Kujambula mau ake kamodzi, mosamala, kukhoza kum'cepetsera cisoni cofotokoza nkhani yomweyo kwa anthu asanu ndi mmodzi. Koma mauwo akatuluka, manyazi ake ndi osacotseka, ndipo ena adzaopa kupita ku polisi. Ncifukwa cake nchito yotere ifuna makina a Boma olembedwa m'kaundula, osati foni ya m'thumba mwa wapolisi. Ndiponso kumene magetsi a Zesco sanafike, makinawo afuna mabatire kapena sola yochajira, ndi kabati yokhoma yosungiramo makhadi.

MZINDA UYAMBE, MUDZI USAIWALIKE

Njira ya malamulo ndi yotseguka kale. Lamulo la Electronic Communications and Transactions la mu 2009, limene linalowedwa m'malo ndi lina la dzina lomwelo mu 2021, linanena kuti umboni sungakanidwe m'khoti pa cifukwa cokha cakuti unasungidwa pa makina. M'caka comweco ca 2021 Nyumba ya Malamulo inapanganso lamulo la Data Protection, loteteza mbiri ya munthu kuti isaululidwe mwacisawawa. Mu 2014 bungwe la African Commission on Human and Peoples' Rights linabvomereza ku Luanda m'dziko la Angola malangizo a kamangidwe ndi kasungidwe ka anthu m'manja mwa apolisi, ndipo mu 2021 akatswiri a maiko ambiri anatulutsa mfundo za kafunsidwe kabwino zochedwa ndi dzina la Juan Méndez. Malangizo onsewa amalimbikitsa kujambula mafunso a apolisi.

Zinthu zatsopano zimayambira m'mizinda. Ku Lusaka ndiko kuli likulu la apolisi, sukulu ya apolisi ya Lilayi, Khoti Lalikulu, ndiponso makamera oyang'ana m'miseu. Nkoyenera kuti nchito yojambula mau ikhazikike kumeneko, kumene milandu ndi yocuruka ndipo aphunzitsi ali pafupi. Koma amene agawa zipangizo akumbukire kuti munthu wa m'tauni ali ndi zom'teteza zina. Kawiri-kawiri amamva Cingelezi, loya ali pafupi, ndipo abale ake akhoza kufika pa polisi m'ora limodzi. Munthu wa ku Shikabeta alibe zonsezi. Kumene mtunda wa pakati pa pakamwa ndi pepala uli wautali koposa, ndi kumenenso kacipangizo aka kafunika koposa. Ndipo mtengo wake sufika ngakhale pa mtengo wa tayala limodzi la galimoto ya polisi.

Mafumu, makhansala ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo ali ndi mau pa nkhani imeneyi. Pamene akambirana za nyumba za apolisi ndi galimoto zoyendera m'midzi, aikepo ndi nkhani ya makina ojambulira mau pamodzi ndi maphunziro a kagwiritsidwe kake.

ZIMENE BANJA LIRI LONSE LIYENERA KUDZIWA

Pamene pepala ndi colembera zikali kugwira nchito, munthu adziteteze ndi zimene malamulo anam'patsa kale. Coyamba, anene poyera cilankhulo cimene amamva bwino, ndipo ngati ndi Cisoli apemphe womasulira. Caciwiri, asasaine kapena kudinda cala pa pepala limene sanam'werengere m'cilankhulo cake, ndipo asadinde pa pepala lopanda kanthu. Ngati pali liu lolakwika, apemphe kuti likonzedwe asanasaine. Akulu anati safunsa anadya phula.

Cacitatu, woganiziridwa mlandu ali ndi ufulu wokhala cete ndi wopempha loya. Amene alibe ndalama akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Board. Cacinai, mwana asafunsidwe yekha. Lamulo la ana la mu 2022 lifuna kuti pakhale kholo, womulera kapena wogwira nchito yosamalira ana. Cacisanu, bondi ya polisi siigulidwa, ndi yaulere. Cacisanu ndi cimodzi, amene wamenyedwa auze woweruza tsiku loyamba limene aonekera m'khoti, apemphe kuonedwa ndi dokotala, ndipo abale ake akhoza kukadandaula ku Police Public Complaints Commission kapena ku Human Rights Commission.

Zonsezi sizitanthauza kuti anthu aziona apolisi ngati adani. Mudzi umene ubisa mbala umadzidyera wokha mbeu, ndipo wapolisi sangagwire nchito popanda mboni zolimba mtima. Cofunika ncakuti wakuba weni-weni alangidwe ndi umboni woona, ndipo wosalakwa abwerere ku munda wake.

Pa bwalo la Mfumu Shikabeta mlandu umakambidwa poyera, pansi pa mtengo, ndipo amene wanena mau sangawakane mawa pakuti mudzi wonse unamva. Makolo anati mlandu suola. M'cipinda ca polisi mulibe mudzi womvetsera, muli anthu awiri ndi pepala. Kacipangizo kojambula mau kadzakhala m'malo mwa mudzi uja, kuti nkhalamba ya ku Lunsemfwa ikaimirira pamaso pa woweruza ku Lusaka, iweruzidwe ndi mau amene inanena yokha.